Makoswe a Lenia

Lenia, mwana wa mlongo wanga, anabadwira ku Kanyenda ali kale ndi khasu lokumbira mbewa m'manja. Azamba alipo, kafunseni. Atayamba sukulu, mbewa za m'dera lathu zinachita phwando.

Lero amagwira ntchito mu labotale ina ku Blantyre. Amasunga makoswe oyera amene amawadwalitsa dala matenda a shuga kuti aone mmene thupi limasinthira. Amawayeza pa sikelo, amawabaya kumchira kuti aone shuga wa m'magazi, amaonanso madzi amene amwa. Makoswewo amadya pa nthawi yake kuposa aphunzitsi.

Chaka chatha anabwera kutchuthi. Bambo ake, a Raston, adula nzimbe ku Dwangwa kuyambira nzimbe zisanayambe kutsekemera. Lenia anawaona akudya ngati anthu anayi koma lamba akuboola bowo latsopano. Madzi amamwa moti asodzi a ku Ngala anayamba kudandaula kuti nyanja ikuphwa.

Anandipeza ndikusoka ukonde.

"Malume, khoswe akamadya chonchi n'kumaonda, botolo lake la madzi n'kumauma msanga, ndimayang'ana utuchi umene amagonapo. Ukanyowa kwambiri, ndiye kuti shuga wakwera. Akachedwa bambowa, maso kapena phazi zipita."

"Ndiye kawafunse za utuchi wawo."

"Mwana wamkazi angafunse bambo ake za kutaya madzi? Inu ndi alamu awo. Mumanyozana kale."

Ndinapita. A Raston anali pakhonde, tiyi ali m'manja, supuni itaima yokha m'kapu chifukwa cha kuchuluka kwa shuga.

"Alamu, kuseri kwa bafa lanu nyerere zamanga tauni. Akuti zina zikuchokera ku Salima pa minibasi."

"Zikukukhudza chiyani, mlesi iwe?"

"Zikutsata mkodzo wanu. Kampani ya shuga ikamva, ikutengani ikakuthireni m'matumba."

Sanaseke. Anayang'ana kukhitchini kumene Lenia amatsuka mbale yotsuka kale.

"Wakutuma ndi mwana uja. Akundiyesa khoswe."

"Khoswe amapimidwa, alamu. Inu simunafikepo."

Anakankhira kapu ya tiyi pambali. Kenako anaitana.

"Lenia, makoswe akowo, akadwala chonchi amakhala moyo?"

"Amene timawapatsa mankhwala amakhala, bambo."

"Nanga enawo?"

Lenia anangoyang'ana mbale.

"Umawabaya pati?"

"Kumchira."

"Ine mchira ndilibe."

"Chala chimakwana, bambo."

M'mawa mwake anakwera kabaza onse awiri kupita kuchipatala. Shuga anapezeka wokwera moti kamakina kopimira kanapempha madzi akumwa. Anawapatsa mapiritsi.

Maso ndi mapazi onse alipo. Tiyi amamwa wopanda shuga, nkhope ngati ali pamaliro. Lenia akaimba foni, a Raston amayamba ndi kufunsa kuti odwala anzawo a ku Blantyre, makoswe aja, adzuka bwanji.