A Lumo M'komiti ya Nyumba ya Mbiri

Anthu a mumsewu wa kuseri kwa msika ankawatchula a Lumo. Anali ometa tsitsi, monga analili bambo awo. Kashopu kawo kanali ndi mipando iwiri, galasi long'aluka pakona, ndi wailesi yomwe inkalephera kupikisana nawo polankhula.

Pakamwa pomwepo ndi pomwe panawaika m'mavuto. Tsiku lina mayi wina, mkulu wa nyumba yosungira mbiri ya mzinda, anaperekeza amuna ake kudzameta. Anamva a Lumo akudzitama kuti m'nyumba imeneyo muli chithunzi cha bambo awo akumeta munthu pansi pa mtengo, msewu usanaikidwe phula.

"Chipinda chomwe muli chithunzicho chikudontha, bambo," anatero mayiyo. "Tikusonkha ndalama zoti tichikonzenso chonse. Inu mumadziwana ndi aliyense. Lowani m'komiti."

A Lumo anavomera asanafunse kunyumba.

A komiti anawapatsa kabokosi kobowola pamwamba, iwo n'kukaika pafupi ndi galasi. Aliyense wokhala pampando ankamva ulaliki lumo lili pakhosi. Ena ankaponyamo kanthu chifukwa cha mantha. Ambiri ankangoseka.

"Zakalezo tidya, a Lumo?" anafunsa woyendetsa takisi wina. "Denga la kwanga nalonso likudontha. Mundisonkhera liti?"

Misonkhano ya komiti inkachitika Loweruka, tsiku lomwe shopu imadzaza. A Lumo ankatseka, kuvala jekete, n'kukakhala kumapeto kwa tebulo lalitali kumvetsera anthu akukangana za mtundu wa penti. Akati akweze dzanja, wapampando ankayang'ana wotchi. Komiti itakonza ulendo wa ndawala wopempha thandizo, mlendo wolemekezeka anafika anthu atapsa kale ndi dzuwa. Anayenda kuchoka pagalimoto kufika pomwe panaima ojambula, n'kubwerera. A Lumo anayenda mtunda wonse atagwira mbali imodzi ya chinsalu cha uthenga, mbali inayo ikukwekwereza m'fumbi chifukwa mnzawo anathawira mu minibasi.

"Makasitomala anu akumetetsa patsidya," akazi awo anawauza akuwathirira madzi otentha m'beseni kuti aviike mapazi. "Mwina nanunso akangokuikani pashelefu konko, abambo ake. Mwakalamba mokwanira."

Chipindacho chinatsegulidwa mochedwa kwambiri, kampani ina ya zakumwa itathandizapo. A Lumo anatenga akazi awo. Makoma anali oyera mbee, magetsi akuwala ngati m'chipatala, dzina la kampani lija litadzaza khoma lonse la pakhomo. Anazungulira kawiri osachiona chithunzi. Anachipeza m'kanjira kopita kuchimbudzi, chitachepetsedwa, pansi pake atalemba kuti: Wometa wosadziwika.

A Lumo anapita kwa mkulu uja.

"Mayi, wosadziwika ndi ndani? Dzina la bambo anga ndalitchula kangati pa tebulo lija?"

"Pepani kwambiri, bambo. Okonzawo anachokera kutali. Tidzasintha m'gawo lachiwiri la ntchitoyi, ndalama zikapezeka. Ndiye tidaliranso inuyo."

A Lumo anatuluka osalawa n'chakumwa chomwe. Atafika panja anapeza kuti akazi awo akwiya kwambiri.

"Tagwirani ichi," anatero mayiwo, akuwapatsa chikwama.

"Mukupita kuti, amake ana?"

"Apongozi anga anali ndi dzina. Anameta mzinda wonsewu, ndi mitu ya makolo a anthu avala masutiwa yomwe."

Mayiwo anabwerera mkatimo. A Lumo anaima pamasitepe atakumbatira chikwama cha akazi awo, akumva mawu awo akudutsa m'mawindo atsopano aja. Nyimbo zinazima. Mlonda anasuzumira mkati, n'kubwerera pamalo pake mwakachetechete.

Mawu a pansi pa chithunzi sanasinthidwe. Komiti inawaimbira foni kangapo a Lumo, koma nthawi zonse ankayankha ndi akazi awo, ndipo oimbawo sankachedwa kudula.