Wometa ndi Pulezidenti wa Eni Ake

Bambo wometa pakona sayamba ntchito asanawerenge nyuzipepala, ndipo nkhani yawo ndi imodzi: pulezidenti wa dziko loyandikana nalo, yemwe amakwera minibasi ndi anthu wamba. "Kumeneko ndiye kuli mwamuna!" amakuwa, lumo lili m'mwamba. Atolankhani akamudzudzula, iwo amati ndi nsanje.

Tsiku lina alamu awo okhala komweko anatulukira ndi zikwama. Wometayo anasiya mutu wa munthu pakati n'kuwathamangira.

"Alamu, mukudyerera eti? Ine ndikusamukira kwanuko!"

Alamuwo anagwira pakamwa. "Musamuke? Nyuzipepala zakwathu zikutamanda wanu! Ndagulitsa nyumba, achemwali anu ndi ana ali m'njira."

Wometayo anaseka mpaka misozi, n'kusenza chikwama chachikulu. "Lowani, alamu. Koma makasitomalawa musawauze."