Penti yachikasu pa girayinda yanga

Ku Tete ananditengera girayinda, makina anga odulira zitsulo. Anaitenga masana anthu akuona, ndipo amene anawathandiza ndine ndemwe.

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, zifukwa musandifunse. Zaka ziwiri ndinakhala pa shedi ina yowotcherera zitsulo kwathu ku Bangwe, kuphunzira osalandira kanthu. Ntchito ndinaidziwa, koma magetsi akathima m'mawa tinkangosewera bawo mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina a Jemusi, oyendetsa thiraki amene timakhala nawo mzere umodzi, anandiitana.

"Mphwanga, ukuwoleranji pano? Ku Tete magetsi sathimathima. Kuli bwana wina, a Domingo, akufuna wodziwa mageti. Koma upite ndi chida chako, amalemekeza munthu wobwera ndi chida."

Achemwali anga a Esinati anagulitsa makina awo osokera, tinakagula girayinda yakale koma yamphamvu mumsika wa Ndirande. Lisiti sitinapemphe. Ku Ndirande ukapempha lisiti amakufunsa ngati ndiwe wapolisi.

Za magetsi a Jemusi sananame. Makina ankalira tsiku lonse. Buledi wawo uja amati pau ndinkadya wotentha m'mawa uliwonse, galimoto zinkamwa mafuta osagona pamzere. Koma dzuwa lake, chitsulo chinkakuwotcha usanachiwotcherere. Ndipo kumeneko munthu sayenda wopanda pepala m'thumba. Kwathu chitupa chimakhala mu sutikesi pansi pa bedi, umachitulutsa popita kubanki. Agogo anga anachokera ku Mozambiki konko, ndiye ndinkati ndikupita kwathu. Palibe anandiitanapo dzina. Onse ankangoti "Malawiyanu".

Ntchito inali ya mageti ndi mawindo. Umayeza ndi tepi, kulemba ndi choko potsata sikweya yowongolera makona, kudula machubu ndi girayinda. Ukatero umangogwiriza m'makona ndi kadontho ka rodi yowotcherera, n'kuyeza chopingasa mbali zonse ziwiri. Zikafanana, ndiye umawotcherera zenizeni, kugogoda makoko ndi hamala, kusalaza, kupaka penti yoletsa dzimbiri. A Domingo sankakuwa. Ankangoima kumbuyo kwako n'kunena kuti, "Kona iyo yanama."

Sabata yoyamba anandipatsa chitini cha penti yachikasu ndi bulashi.

"Paka mzere pa chogwirira cha chida chilichonse. Kokamanga mageti kumakhala amisiri ambiri, zida zimasochera."

"Yanganso?"

"Makamaka yakoyo. Ndi yabwino."

Ndinapaka. Yangayo ndinaipaka mizere iwiri, mosamala.

Pepala langa lowolokera linali la masiku makumi atatu. Litatsala pang'ono kutha, a Domingo anati akonza okha, ali ndi owadziwa. Linatha. Ndikawakumbutsa ankati mawa. Ndinasiya kupita kumsika, ndinkangoyenda kuchoka pa shedi kupita kogona.

Tsiku lina ndikupukuta dirilo yoboolera zitsulo, ndinaona kuti pansi pa penti yachikasu pali zolemba za msomali: Yamikani, Chirimba. Ndinafunsa mnzanga wina wa konko kuti Yamikaniyu ndani. Anati anali Malawiyanu wina, anachoka, ndipo anapitiriza kudula chitsulo osandiyang'ana. Madzulo ake ndinatenga msomali n'kulemba dzina langa pa girayinda. Ndinkadziona wochenjera.

Mwezi wachinayi achemwali anaimba foni. Munthu wina ku Machinjiri akumanga nyumba za lendi, akufuna mawindo ndi geti, ndibwere msanga ndi girayinda. M'mawa mwake ndinawauza a Domingo. Sanakwiye. Anandiwerengera malipiro anga onse, osachotsapo kanthu, mpaka ndinachita manyazi kuti ndinkawakayikira. Kenako ndinatambasula dzanja pakhoma pamene pamakhala zida.

"Siya icho."

"Ndi yanga, bwana. Ndinabwera nayo."

"Zida zanga zonse zili ndi penti yachikasu. Ukuona mtundu wanji pamenepo?"

Ndinakweza mawu. Iwo anatuma munthu kukaitana mkulu woyang'anira dera, bambo wachikulire wa magalasi. Bamboyo sindimuda, anafunsa zoyenera kufunsa. Lisiti lilipo? Palibe. Pentiyi anapaka ndani? Ine. Anakukakamiza? Ayi. Ndinamuonetsa dzina langa la msomali lija. A Domingo anaseka, natsitsa dirilo ija pakhoma.

"Anyamatawa amalemba maina paliponse. Onani, apanso pali lina."

Ndinayang'ana anzanga amene tinkadya nawo pau m'mawa uliwonse. Aliyense anali ndi chochita. Mkuluyo anavula magalasi.

"Mwana wanga, ukafuna nkhaniyi ipite kupolisi. Koma kumeneko ayamba ndi pepala lako. Lili bwino?"

Ndinanyamula chikwama.

Ku Bangwe zikanakhala zina. Ndikanangoima panjira n'kukuwa, bwenzi atabwera anthu khumi onena kuti girayindayo anaiona ikutsika minibasi. Kuno mboni ndi anthu, uko mboni ndi pepala. Koma musaganize kuti ndikutama kwathu. Girayinda ija mwina nayonso inachoka m'manja mwa wina isanafike ku Ndirande, ndipo palibe anafunsa, ngakhale ine.

Nditafika kunyumba achemwali sanandifunse kanthu. Anangondiyang'ana m'manja, n'kubwerera kukasoka siketi ya kasitomala ndi singano yapamanja. Ntchito ya ku Machinjiri inapita kwa wina.

Anyamata a pa shedi ya ku Bangwe amandifunsa kuti kwabwino n'kuti, kuno kapena uko. Ndimawauza kuti uko kuli magetsi koma ulibe wokuikira kumbuyo, kuno okuikira kumbuyo ndi ambiri koma mukhala nonse mumdima. Sankhani nokha. Chimene ndinatolako ine n'chimodzi: chida changa sichilandira chizindikiro cha munthu wina, ndipo bwana akayamikira chida kuposa ntchito yanga, ndimachibisa.

Mwezi watha a Jemusi ananyamula mnyamata wina wa kuseri kwa tchalitchi, atakumbatira makina owotcherera a bambo ake, ulendo wa ku Tete. Ndinamuthamangira n'kumuuza kuti asakapake penti. Anandiseka, a Jemusi n'kuliza hutala.

Kwa a Domingo kuli girayinda yanga imodzi, madisiki ake atatu odulira osagwiritsidwa ntchito, ndi kasipanala kake komangira.