Manda a Munthu Wamoyo ku Chia

Mtandawo unali wa mlombwa. Dzina la bambo analemba ndi aphunzitsi, ndi msomali wowotcha pamoto. Pansi pake panalibe munthu. Panali thunthu la nthochi lokulungidwa m'nsalu yoyera.

Kwathu ku Chia timatero. Munthu akatsalira m'nyanja, mtembo osapezeka, sitisiya maliro m'malere. Timaika nthochi, timalira, timameta. Bwato la bambo linapezeka lopanda munthu nthawi ya mwera. Ndani akanaganiza zina?

Bambo ankadziwika kuti ndi msodzi. Ankawoloka kupita kutsidya, dziko la eni, n'kubwerako ndi usipa wosadzaza ndi mbale yomwe. Amalume ankati, "Alamu angawa nsomba zimawathawa." Zoona ndinazidziwa nditamera ndevu. Bambo anali kazitape wa boma. Ankakaona misasa ya asilikali. Sanamire. Anagwidwa.

Patapita zaka, nyengo yokolola mpunga, ine ndili kamnyamata ka sitandade 3, kunabwera munthu wa boma wovala suti, nsapato zili matope okhaokha. Anaitanira mayi kuseri kwa nkhokwe. Zimene ananena mayi anadzandiuza atakalamba. Amuna anu ali moyo, ali m'ndende kutsidya. Maboma awiri akukambirana zosinthana akaidi. A kutsidyako avomera kumasula asodzi wamba okha, akazitape ayi. Atumiza nthumwi kudzaona ngati munthuyu alidi msodzi wa mudzi uno. Muionetse ukonde, muionetse ana.

Mayi anayamba kunena za mtanda uja. Wasutiyo anayang'ana wotchi. "Ichi ndi chinsinsi cha boma, mayi. Mukauza munthu, ngakhale mlongo wanu, mudzaona."

Masiku amenewo mawu otere sankanenedwa kawiri. Mayi anasunga pakamwa. Kukazula mtandawo sakanatha. Kumanda sapitako munthu yekha, ndiye kuli bwanji mkazi.

Pamenepa mtima umandiwawabe. Munthu wophunzira mpaka kunja, osadziwa kuti pamudzi alendo aamuna amalandiridwa ndi mwinimbumba? Ine sukulu ndinalekera panjira, koma zimenezi ndinkazidziwa ndisanayambe kuvala nsapato. Iye anabisira amalume, munthu yekhayo amene akanayankhula ndi alendowo.

Masiku otsatira mayi anasintha. Anazira nyumba. Anatulutsa ukonde wa bambo, wonunkha makoswe, n'kuuyanika pamtengo wa mango. Mwera unkawomba, mankhusu a mpunga akutilowa m'maso, iwo akuimba pamtondo. Ine zinkanditopetsa. Kabwereke mipando kwa aphunzitsi. Kafunse chambo kudooko. Kasambe, ndipo upale mapaziwo ndi mwala. Amalume anangouzidwa kuti kukubwera anthu a boma amene ankadziwa malemu.

Anafika dzuwa lili paliwombo, pagalimoto ya boma. Anali atatu, kupatula dalaivala: wasuti uja, womasulira, ndi nthumwi ya kutsidya, munthu wamtali wa kamera pakhosi. Mayi anagwada, anapereka moni, n'kukhala pamphasa pafupi ndi ukonde. Amalume anawayang'ana. "Achemwali, kodi alendo adya nkhope yanu?" Mayi anatembenukira kwa wasutiyo. Iye anakodola mutu kuti pitani. Mayi anapita kukhitchini.

Amalume anachita zimene munthu waulemu amachitira alendo amene maliro anawaphonya. Anali atapempheratu njira kwa adzukulu, okumba manda. Anaimirira, nati, "Tiyeni, mabwana." Wasutiyo sanafunse kuti kuti. Anali wotanganidwa kuonetsa Chingerezi chake kwa nthumwi. Anadutsa m'munda wa chinangwa. Pamene ankadzutsa maso, anali kale pansi pa mitengo, mitanda itawazinga.

Ife ana sitinkaloledwa kumeneko. Zinazo ndinazimva kwa amalume eniake, amene anazifotokoza mpaka tsiku la imfa yawo, nthawi zonse akumenya ndodo pansi. Anavula chipewa. Analoza dzinalo. Anati tinawaika mwaulemu, kwaya ya tchalitchi inaimba, mudzi wonse unalipo. Womasulira anamasulira zonse. Za nthochi sananene. Zimenezo sauza mlendo. Nthumwi inawerenga dzina, inafunsa ngati pamudzi panali wina wa dzina lomwelo. Amalume anati ayi, ndipo anati ayi monyadira. Nthumwi inajambula chithunzi.

Yankho la kutsidya linali lalifupi. Msodzi wa dzina limenelo anamwalira, manda ake taona. Amene tili naye kuno akubisala m'dzina la wakufa, ndipo wobisala m'dzina la wakufa ntchito yake tikuidziwa. Akuti a boma lathu anayesa kufotokoza za thunthu la nthochi. Tangoganizani kufotokozera msilikali wachilendo zimenezo patebulo. Asodzi enawo anatsika sitima ku Nkhotakota, abale awo akululutira. Bambo sanatsike. Anadzabwera ine nditakwatira kale, mano atatha m'kamwa, mayi atapita.

Anthu amandifunsa kuti wolakwa ndani. Amalume anatsata mwambo. Mayi anamvera boma. Wasuti uja ndinamva kuti anakwezedwa pantchito. Musandifunsenso.

Koma tsiku limenelo ine ndinali wosangalala. Ndinali nditagwira galasi la galimoto, dalaivala osandikalipira. Fungo la mpunga watsopano ndi chambo chokazinga linadzaza pabwalo, ndipo ndinkadziwa kuti alendo asuti samaliza chakudya. Mayi anatuluka m'khitchini atanyamula mbale, thukuta lili pamphumi. Anapeza mipando ya aphunzitsi ili yokha.

"Alendo ali kuti?"

Ndinayankha mokweza, ngati m'kalasi. "Apita ndi amalume kukaona manda a bambo."

Mbale ija anaiika padothi, pomwe panali nkhuku. Anathamanga. Ndinali ndisanawaonepo mayi akuthamanga. Analowa m'chinangwa, mpango utagwa kumutu, osautola, akuitana mlongo wawo ndi dzina lake laubwana, limene munthu sankalitchula pamudzi. Ine ndinatsala ndikuingitsa nkhuku, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angathamange chonchi chifukwa choopa kuti mpunga uzizira.