Kufunsa Munthu Mmodzi Katatu

Linali Lachiwiri mu Febuluwale 2011, ndili Fomu 2. Ndinakhala pakona mu kafe ya intaneti ku Zingwangwa, ndikufufuza za kusefukira kwa madzi ku Nsanje. Aphunzitsi ananenetsa kuti tipeze mfundo kumalo atatu osiyana, apo ayi sachonga.

Mayankho atatu oyamba amene anabwera ndinawakopera bwinobwino m'kope. Achemwali oyang'anira makompyuta anasuzumira paphewa panga n'kuseka.

"Iwe, tayang'ana maadiresiwo. Onsewa ndi webusayiti imodzi. Wafunsa munthu mmodzi katatu!"

Ndinachita manyazi, koma kuseka kwawo kuja ndimakukumbukira mokoma mpaka lero. Nditafika kunyumba ndinalemba m'dayale kuti mawa ndilimba mtima, ndifunsa bambo, amene anakulira ku Nsanje komweko.