Makolo Osakwana M'kabokosi

Ndinabadwira ku Katete, koma ndakalambira kuno ku Nkomeshya, kwawo kwa malemu mkazi wanga. Iye anagona kumanda a kwawo, kuseri kwa dambo. Tsiku lomuika ine ndinali ku Lusaka pa zifukwa zimene sindilemba pano, ndipo mlamu wanga, mlongo wake wa malemuyo, sanaiwale. Chaka chatha tili pa maliro ena anandiuza, anthu akumva, kuti manda aja ndi a eni dziko, ine ndikadzafa adzandikweza basi pamodzi ndi katundu wina kubwerera kum'mawa. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, koma kunyumba chakudya chinandikanika.

Sukulu ndinayamba ndili ndi imvi, ija ya akuluakulu imene inkachitikira m'tchalitchi masana, ndipo munthu wophunzira mochedwa amakhulupirira masamu mopitirira muyeso. Ndinaganiza chonchi: ondibala ndi awiri, agogo ndi anayi, obala agogowo ndi asanu ndi atatu. Ukamabwerera m'mbuyo nambala imangowirikiza, mpaka makolo anga achuluke kuposa anthu onse amene anapondapo dziko. Ndiye kuti ena ndawawerenga kambirimbiri, ndipo mlamu wangayo, afune asafune, ndi m'bale wanga. Ndinkangofuna nambala yoti ndimuonetse. Foni yanga inawerengako pang'ono, kenako inalowetsa chilembo pakati pa manambala, n'kuima.

Ndinakwera minibasi kupita ku Silverest kwa mwana wanga wamkazi, amene ntchito yake ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta atakhala pabalaza.

"Atate, mufuna kuwina mlandu wa manda na kompyuta?"

"Iwe, lemba chabe."

Analemba timizere tingapo. Manambala anayamba kutsika pagalasi, uliwonse mbadwo wake, akunenepa bwinobwino. Titangodutsa mibadwo makumi asanu ndi limodzi, kutsogolo kwa nambala kunabwera kamzere kochotsera. Mwanayo anagwira pakamwa.

"Yakamba chani?" ndinafunsa.

"Yakamba kuti mulibe makolo, atate. Muli na ochepekela pa ziro."

"Inakambilana na amalume ako?"

Atatha kuseka anandifotokozera. Kompyuta imasunga nambala m'kabokosi kokhala ndi malire. Kakadzaza, nambala imagubuduka n'kukatulukira kunsi kwa ziro, ndipo makinawo sachenjeza, amangokupatsa bodzalo ndi nkhope yowongoka. Koma alipo anthu amene analemba kale zida zothana ndi vutoli n'kuzisonkhanitsa pamodzi. Mtolo wa zidazo amautcha laibulale, ngakhale mulibe buku ndi limodzi lomwe. Chida chilichonse chili ndi ntchito yake: china chimaphatikiza, china chimachulukitsa, china chimagawa, china chimangoona kuti pa manambala awiri yaikulu ndi iti. Nambala yaitali zimaidula zidutswa, chilichonse m'kabokosi kake, ndipo chosefukira zimachipereka ku kabokosi koyandikana nako, monga tinkachitira pa bolodi kutchalitchi kuja posunga imodzi. Mabokosi akatha, zimapempha ena.

"Imachedwako," anatero, "koma siinama."

Anasintha mizere ija n'kuyambanso. Ulendo uno makolo anga sanagubuduke. Anapitirira mibadwo zana, nambala ikutalika ngati mzera wa chimanga, mpaka inakhota n'kuyamba mzera wina. Sindikanatha kuitchula, ndipo mwanayo anati nayenso sangathe. Anaijambula n'kunditumizira pa foni. Pobwerera ndinakhala mu minibasi ngati munthu wa fuko lalikulu, ndikuyang'ana kondakitala mwachibale.

Mlamu ndinamupeza pansi pa mango akusema goli la ng'ombe. Anandipatsa mpando, ndipo kunena zoona anamvetsera zonse osandidula. Foni anaitalikitsa pamaso n'kuyang'ana nambalayo kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Ba mulamu, so bonse ni abale anu? Na ine, na a ku Katete, na bamene bagulitsa tomato pa Chongwe?"

"Bonse," ndinayankha monyada.

"Nanga kwanu uko, m'bale amakumba manda ya m'bale wake?"

Kwathu m'bale sagwira khasu pa manda a m'bale wake. Amakumba ndi adzukulu, anthu a banja lina, ndipo zimenezi ndinamuuzapo ine ndemwe tili anyamata, pomunyoza kuti kwawo sadziwa mwambo.

"Manje ngati dziko yonse ni abale anu, azakukumbilani ndani? Makina ya mwana wanu?"

Anandibwezera foni n'kutolanso sompho. Anasema kanthawi ndithu osandiyang'ana, tizipalapala tikugwera pa nsapato zanga.

"Nkalani mulendo, ba mulamu. Mulendo timamukumbila. Koma pafupi na mulongo wanga iyayi. Muzagona kumapeto, ku chulu, kwamene nthaka ni yolimba, kuti anyamata bokumba bakakutukaneni bwino."

Ndinathokoza. Sindinadziwe ngati ndapambana, ndipo mwana wanga atandifunsa pa foni ndinangoti amalume ake aiona nambala. Mawa lake ndinapita ndekha kukaona malowo. Chulucho n'chachikulu, ndipo nthaka yake ndi youma ngati njerwa. Ukaima pamenepo, udzu ukapsa, mtanda wa mkazi wanga umaoneka.