Mota ya Makina a Chiponde

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira, mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Livingstone limawotcha ndi pamthunzi pomwe. Maliro anali oika m'mawa mwake, poti kutentha kotero thupi silidikira. Atate anali kalipentala. Achibale anawauza kuti wamasiye sagwira ntchito, koma iwo anakanitsitsa kuti mkazi wawo sagona m'bokosi lokhoma munthu wina.

Atangolowetsa thabwa loyamba la mukwa, macheka a magetsi anangolira ng'ung'uu, n'kuima. Kalanga ine! Atate anazimitsa, kuyatsa, kuzimitsanso, thukuta lili kamukamu. Anaitana ba Mudenda, anansi athu amene ankakonza zamagetsi kunjanji. Iwo anayang'ana fyuzi, inali bwino. Anachotsa lamba, napukusa mota ndi dzanja, kenako anainunkhiza.

“Yapya iyi, ba Phiri,” anatero. “Siizauka.”

Linali Loweruka masana, masitolo atatseka. Atate anayesa sowo yamanja, koma mukwa ndi wouma, moti mzere unakhota. Anakhala pautuchi, mutu uli m'manja. Ndinali ndisanawaonepo atathedwa nzeru chotero, ndipo ndinachita mantha.

Apo ba Mudenda anafunsa chapansipansi ngati angachotse mota ya makina amene amayi ankagayira mtedza, popanga chiponde chogulitsa kumsika. Ndisaname, ndinali mwana waliuma. Ndinathamangira kukhitchini n'kukakhala pamakinawo, n'kuwakumbatira.

“Sinifuna!” ndinakuwa. “Bakabwela bazagaila pa chani?”

Ndinkayembekeza kumenyedwa khofi. Koma atate anagwada, n'kundiika sipanala m'manja.

“Taonga, mwana wanga, amai ako sibazabwela,” anatero. “Koma makina yao yangabagwilile nchito imodzi yosiliza. Masula ndiwe.”

Ndinamasula mabawuti ndikulira, misozi ikugwera pazala. Ba Mudenda anamanga motayo pamacheka. Poyatsa koyamba inazungulira chobwerera, koma anasinthanitsa mawaya ndipo inayenda bwino. Inali yaing'ono, choncho atate ankakankha thabwa pang'onopang'ono, ngati akudyetsa wodwala.

Itayamba kutentha, mafuta a mtedza amene anakanirira pamotayo anatulutsa fungo. Shedi yonse imene atate ankapaliramo matabwa inanunkhira ngati chitenje cha amayi. Atate anaima, napukuta m'maso ndi mkono, n'kupitiriza kucheka. Dzuwa lisanalowe bokosi linali litatha.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anandipatsa sipanala ija pofuna kungondinyengerera. Tsopano, nditalera anga, ndimamvetsa kuti akanatha kundinyamula n'kundiika pambali, ndipo ndikanakhalabe ndikudikira pakhomo. Tsiku lonse anthu ankandiuza kuti amayi apita kukapuma. Atate okha ndiwo anandiuza zoona, ndipo anandilola kutsanzikana nawo ndi manja anga.